Chala Chobwereka

MUTU 6

1. Envelopu ya khaki

Lachisanu m'mawa, pa tchuthi cha Pasaka, Loyce Mbewe adatuluka m'nyumba atafumbata envelopu ya khaki. Adali mtsikana wa Fomu 3, ndipo ankakhala ndi makolo ake pa esiteti ina ya fodya kufupi ndi Bowe.

M'envelopumo mudali kachida kakang'ono kofanana ndi kopanira zovala pachingwe. Kachidako munthu amagona atakapana pachala, ndipo usiku wonse kamalemba kagundidwe ka mtima ndi kuchuluka kwa mpweya wabwino m'magazi.

Kadaperekedwa kwa abambo ake, a Andireya Mbewe, dalaivala wa lole ya pa esitetipo. Masabata atatu m'mbuyomo, akuchokera ku Mponela kokatenga ziguduli zomangira mabelo, a Andireya adasinza pachiwongolero dzuwa lili paliwombo. Lole idasiya msewu n'kukaima pakati pa munda wa mtedza. Palibe adavulala, koma a Moffat, manijala wa esiteti, sadaseke nazo. Adawalamula kuti akayezedwe kwa dokotala wina amene ankachita kafukufuku wa tulo pakati pa madalaivala, ndi kuti pofika Lachisanu madzulo abwere ndi kalata yonena kuti ali bwino. Popanda kalatayo, makiyi a lole adayenera kupita kwa munthu wina, ndipo nyumba ya pa esiteti imatsatira makiyi.

Koma usiku wa Lachinayi kachidako sikadagone pachala cha a Andireya. Amayi ake a Loyce adalowa nako kuchipinda kwa mwana wawo, n'kumupana nako chala cha mkombaphala. Adangoti abambo ako ndiwo atero, n'kutuluka osamuyang'ana kumaso.

Kutacha, a Andireya adati iwo atanganidwa ndi kumangirira mabenchi pa lole, choncho envelopu akapereke Loyce. Mabenchiwo adali a ulendo wa mawa lake. Loweruka m'mawa lole yomweyo idayenera kunyamula amayi a chigwirizano makumi anayi kupita nawo kumsonkhano kumapiri a Ntchisi, kumene msewu umakhota ngati njoka, phompho lili pambali. Mmodzi mwa okwerawo adali mayi ake a Loyce.

2. Mawu a pa mjigo

Asadafike pamene amakwerera kabaza, Loyce adamva akumuitana. Adali azakhali ake, aNambewe, mlongo wawo wamkulu wa a Andireya. Adali atatula ndowa pa mjigo, ndipo zidaonekeratu kuti adadikira dala. Iwowa ndi amene adatsogolera amayi omulanga Loyce atatha msinkhu.

Loyce adanyonyomala n'kupereka moni. Azakhali adamukokera kuseri kwa nthochi, kutali ndi makutu a otunga madzi.

"Zonse ndikuzidziwa, usavutike n'kundibisira," adatero. "Tsiku lija tidakulanga tidakuuza chiyani? Tidati kuchipinda kwa makolo mwana wamkulu safikako. Phazi silifikako, diso silifikako, ndipo chimene khutu lamva mwangozi chimathera m'khutu momwemo. Amayi ako akhala ndi mlongo wangayu zaka makumi awiri. Sabata yatha dokotala uja adawafunsa pakhonde, amuna ena ali pomwepo, kuti amuna anu amagona bwanji. Adayankha kuti amagona bwino, ndipo adayankha ngati mkazi wolangidwa. Mkazi sauza alendo kagonedwe ka mwamuna wake. Nanga iwe mwana ndiwe yani? Mkonono ndi wakumtundu kwathu. Agogo ako aamuna akauliza, nkhuku zinkadzidzimuka m'khola, koma adamwalira imvi zili mbuu. Ukakachulutsa mawu uko, makiyi alandidwa, nyumba ilandidwa, nonse mubwerera kumudzi mutasenza miphika pamutu, sukulu yakoyo n'kuthera pomwepo. Nkhuyu zodya mwana zimapota akulu. Ukapereke envelopu, ulandire kalata, ubwere. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo umakutsata."

Loyce adavomera ndi mutu. Kenaka adafunsa motsitsa ngati azakhali nawonso akwera lole ija mawa.

Azakhali adati akwera, ndipo akakhala kutsogolo chifukwa cha mawondo awo. Adawonjeza kuti mlongo wawoyo akangoyamba kuwodzera azimutsina, monga ankachitira ali ana m'tchalitchi. Adaseka okha n'kusenza ndowa yawo.

Loyce sadadziwe ngati nayenso aseke. Adakwera kabaza envelopu ataipanira m'khwapa.

3. Pa benchi ya madalaivala

Kabaza adamutsitsa pamsewu waukulu, ndipo minibasi idamufikitsa pachipatala chaching'ono cha kufupi ndi Mponela nthawi itangokwana 10 koloko. Pakhonde padakhala madalaivala asanu ndi awiri, ena atanyamula maenvelopu onga ake.

Patsogolo pawo padaima Dokotala Edina Chalera. Loyce adawazindikira, pakuti adafikapo kusukulu kwawo kudzalimbikitsa atsikana pa maphunziro a sayansi. Adabadwira ku Ntchisi m'banja la matenanti, ndipo adatha zaka zambiri kunja akufufuza mmene ubongo umayendetsera kupuma munthu akagona. M'manja adagwira chidutswa cha chubu cha njinga.

Ankafotokozera madalaivala atsopano kuti njira ya mpweya kummero ndi yofewa ngati chubucho. Munthu akagona minofu yakummero imafooka, ndipo mwa anthu ena njirayo imafinyika mpaka kutsekeka. Apa adafinya chubu chija ndi zala ziwiri. Adati zikatero mkonono umaduka, munthu amangoti zii. Koma kunsi kwa ubongo, pamene mutu umalumikizana ndi khosi, kuli kagawo kamene sikagona. Kamalondera mpweya wa m'magazi monga mlonda wa pachigafa, ndipo kakaona kuti zinthu zaipa, kamamudzidzimutsa munthuyo kuti apume. Munthu amachita ngati watsamwa, amapuma, n'kugonanso, osadziwa kanthu. Zimenezi zimatha kuchitika kambirimbiri usiku umodzi. Kukacha iye amati wagona, pamene thupi lake lachezera nkhondo. N'chifukwa chake tulo timamupeza masana ali pachiwongolero.

Dalaivala wina wamimba yaikulu, a Petulo, adafunsa kuti zonsezi adaziona bwanji popeza ubongo uli m'kati mwa chibade. Adokotala adayankha kuti adayamba ndi kufufuza pa mbewa zogona.

"Zaka zonsezo mbewa zili m'manja, adokotala, osawambako ngakhale imodzi?" adafunsa a Petulo. "Ndinu a ku Ntchisi kwenikweni inu?"

Onse adafa nalo phwete, adokotala omwe. Iwo atalowa m'chipinda chawo, a Petulo adatembenukira kwa Loyce n'kumufunsa kuti ndi mwana wa yani. Atamva, adawomba m'manja. Adati Andireya amamudziwa bwino, pakuti akagona pamzere wa malole ku okushoni ya fodya, alonda amayendayenda kufufuza amene waiwala kuzimitsa injini.

Kenaka nkhope yawo idasintha.

"Mwana wanga, ine ndidali ngati bambo ako," adatero. "Ndidali ndi mnzanga Frank, tidaphunzira limodzi kuyendetsa. Iye adagona potsika chitunda, masana ngati ano, ndipo tidamuika tsiku limodzi ndi anthu atatu amene adawakweza. Kumudzi adati adamulodza. Ine ndidaopa. Adokotalawa atandiyeza adapeza kuti ndimasiya kupuma ndikagona chagada. Adandiuza kuti ndisiye mowa wamadzulo, ndichepetse mimbayi, ndizigona cham'mbali. Akazi anga adasokerera chitsononkho kumsana kwa malaya anga ogonera, kuti ndikagudubuka chizindibaya. Anzangawa amanditchula Chitsononkho mpaka lero. Aseke. Ine ndimafika ku Lilongwe maso ali gwa. Ena vuto lawo ndi lalikulu, limafuna makina othandiza kupuma, koma thandizo lilipo. Ukawauze bambo ako kuti matenda a dalaivala sakhala ake yekha. Amakhala a aliyense amene wakwera kumbuyo."

Kumapeto kwa benchi kudakhala bambo wina wowonda amene sadaseke nawo. Dzina lawo lidali a Elisha.

"Mumuuze zonse mwanayo, a Petulo, osati zokoma zokha," adatero. "Inenso ndidayezedwa. Adandiuza kuti ndisayendetse mpaka ndithandizidwe. Bwana wanga sadadikire, adapereka makiyi kwa mphwake. Lero ndimagulitsa tomato pamsika wa Mponela."

A Petulo adayang'ana pansi. Loyce adayang'ana a Petulo, kuyang'ana a Elisha, ndipo sadapeze amene akunama. Dzina la abambo ake litaitanidwa, adaimirira n'kulowa.

4. Mizere iwiri

Adokotala adafunsa dzina lake ndi chifukwa chimene a Mbewe sadabwerere okha. Loyce adati atanganidwa. Iwo adalumikiza kachida kaja ku kompyuta, ndipo pagalasi padaoneka mizere iwiri.

Adamulozera kuti wapamwamba ndi wa mpweya. Udali wowongoka ngati chingwe chowokerera fodya. Wapansi udali wa mtima, ndipo udali wodumphadumpha ngati mano a sowo.

Adokotala adavula magalasi, kuwapukuta, kuwavalanso. Adati aona zolembedwa zoterezi mazanamazana, koma zonga izi sadazionepo. Kwa munthu amene amasiya kupuma, mzere wa mpweya umatsika, ndipo mtima umadumpha pamene akudzidzimuka. Apa mtima unkathamanga mwadzidzidzi pakangopita mphindi zochepa, mpaka m'bandakucha, koma mpweya osasuntha n'komwe.

Adayesa kuti kachida kawonongeka. Adakapana pachala chawo, ndipo kadagwira ntchito bwinobwino. Adafunsa ngati a Mbewe amamwa mankhwala ena, ngati amalota zoopsa, ngati pakhomo pali agalu ouwa. Loyce ankangoyankha kuti ayi, kapena kuti sakudziwa.

"Mpweya uli bwino," adatero adokotala akukoka pepala la chidindo. "Pa zimene abwana awo akufuna, ndilembe kuti palibe chimene chaoneka. Koma mtimawu wandizunguza mutu. Adzabwere ndidzawapime."

Adalemba tsiku. Adalemba dzina la a Andireya Mbewe. Loyce ankaona nsonga ya cholembera ikuyenda.

"Adokotala," adatero Loyce, "munthu akadula mkonono n'kungoti zii mpaka wina kuwerenga makumi atatu, ndiye kuti watani?"

Cholembera chidaima. Adokotala adafunsa kuti adawerengayo ndani.

"Ndine. Chipupa cha pakati m'nyumba mwathu sichifika kudenga. Chala chidali changa, adokotala. Si cha bambo."

Mawu ena adatuluka okha, osakanikirana ndi misozi. Adati kwa chaka chathunthu wakhala akumva mkonono wa abambo ake ukuduka. Ukaduka iye amadzidzimuka n'kuyamba kuwerenga, mtima uli thithithi, mpaka atamva kuti apumanso. Sadauzepo munthu, chifukwa adamulangiza kuti zakuchipinda sizinenedwa. Adanenanso za ulendo wa ku Ntchisi, za mabenchi, za amayi ake ndi za azakhali.

Adokotala adayang'ananso mzere wodumphadumpha uja kwa nthawi yaitali. Adati tsopano amvetsa: kachidako kadalemba mantha a mwana. Adati umenewo si umboni wokwanira wonena matenda a munthu, koma ndi wokwanira kuti iwo asasaine kalatayo. Adapinda pepala lija n'kuliika m'dirowa.

Loyce adafunsa ngati walakwa.

"Inenso ndidalangidwa ngati iwe," adayankha, "ndipo azakhali ako sadakunamize pa zonse. Ulemu wa m'nyumba ndi chinthu chachikulu. Koma mwambo udaikidwa kuti usunge ulemu, sudaikidwe kuti usunge matenda. Kulakwa kwina ndi kwanga. Ndidafunsa amayi ako funso lakuchipinda pakhonde, pamaso pa amuna. Ndidaphunzira zambiri za ubongo n'kuiwala zakwathu. Tsono tamvera bwino. Sindikulonjeza kuti ntchito ya bambo ako ipulumuka. Zimene wamva kwa a Elisha ndi zoona, ndipo zimandisowetsa mtendere. Abwana awo sindiwauza chilichonse popanda chilolezo cha bambo ako, chifukwa za thupi la munthu mwiniwake ndiye amaziulula. Koma mawa sayenera kukwera mapiri aja ndi anthu kumbuyo. Zimenezo ndikawauza ndine, osati iwe. Katunduyu ndi wa akuluakulu."

Adayesa kuimbira a Andireya kawiri, koma foni sinkapezeka. Adati akangomaliza kuona odwala afika okha ku esiteti nthawi ya 5 koloko, kuti akalankhule ndi a Mbewe ndi akazi awo poduka mphepo. Kachida kaja adakabwezera m'envelopu, kuti akavomera adzagone nako eniake.

Loyce adatuluka. A Petulo adamufunsa ngati zayenda. Iye adangowatsanzika n'kupita kukakwera minibasi.

5. Lole yotsukidwa

Adafika pa esiteti 3 koloko itangopitirira. Lole idali itatsukidwa mpaka matayala, mabenchi atamangidwa bwino ndi zingwe zatsopano. M'chigafa china chopanda fodya, amayi a chigwirizano ankayeserera nyimbo za mawa. Pakhonde, amayi ake ankasita bulauzi yawo yoyera ndi simbi yamakala, azakhali atakhala pambali akuswa mtedza.

A Andireya ankapukuta galasi lakutsogolo akuimba mluzu. Maso awo adali ofiira monga mwa masiku onse. Ataona envelopu adatsika, kupukuta manja pabuluku, n'kumwetulira. Adati mwana wawo wa Fomu 3 wabwera ndi satifiketi ya bambo ake.

Loyce adagwada n'kupereka ndi manja awiri.

A Andireya adang'amba envelopu n'kuigwedeza. M'dzanja mwawo mudagwera kachida kaja. Adasuzumira m'kati, adaitembenuza, adaigwedezanso. Mudalibe china.

Adafunsa motsitsa kuti kalata ili kuti. Loyce adati adokotala sadalembe, ndipo afika okha 5 koloko.

"Wawauza chiyani?"

Loyce adayang'ana dothi la pamawondo pake. "Ndawauza kuti chala chidali changa, bambo. Ndawauzanso kuti mumasiya kupuma."

Azakhali adataya mtedza m'lichero. Adati mwanayu wavula abambo ake pamsika, ndipo malangizo onse aja adangothira madzi pamsana pa bakha. Amayi ake adaiwala kuti akusita. Simbi idakhala pamalo amodzi mpaka fungo la nsalu yopserera lidamveka, ndipo pamene ankaichotsa, pabulauzi padali patasindikizika chibanga chakuda.

A Andireya sadakalipe. Loyce akadakonda akadakalipa. Adangokhala pachitsulo chokwerera lole, kachida kali m'dzanja, n'kufunsa ngati akudzilankhula okha kuti iwo amasiya bwanji kupuma, popeza akudzuka m'mawa uliwonse. Adayang'ana akazi awo kuti awatsutsire mwanayo. Amayi ake a Loyce adaweramira pabulauzi yawo yopsa ija, osatsutsa, osavomera.

Nthawi yomweyo kudamveka kulira kwa njinga yamoto. Adali a Moffat, manijala uja. Adaimika njinga pafupi ndi lole osazimitsa injini, n'kunena kuti afulumira chifukwa madzulo akupita kumaliro ku Mtengowanthenga. Adayamikira kutsukidwa kwa lole, kenaka adatambasula dzanja.

"Tiyeni nayo kalata ija, a Mbewe."

A Andireya adafumbata kachida kaja n'kubisa dzanja kumbuyo. Adayamba kunena za foni imene idatha moto, za mabenchi, za zingwe, mawu osagwirana. A Moffat adawayang'ana, adayang'ana envelopu yong'ambika pansi, kenaka maso awo adatera pa mtsikana amene adali chigwadire.

Adazimitsa njinga. M'chigafa muja nyimbo idali itatha, ndipo amayi ena adayamba kutuluka kudzaona.

"Iwe ndiye udatumidwa," adatero a Moffat. "Tandiuza, adokotala akuti chiyani za bambo akowa?"

Azakhali adamuyang'ana. Amayi ake adamuyang'ana. Abambo ake okha ndiwo adayang'ana kumbali. Kudali kutatsala ola limodzi ndi theka kuti adokotala afike, ndipo a Moffat adali atatsika kale panjinga, akudikira yankho.